Kagulidwe ka njinga yamoto yomwe idzakhalebe ya eni ake

Achimwene, soya mwagulitsa, ndalama zikutentha m'thumba, ndipo mwamva kuti pa Lizulu pali mnyamata akugulitsa Lifo yoyendapo kale pamtengo wachibale. Thamangani. Makaniko musamutenge, angakuchedwetseni ndi mafunso.

Bulubuku musaifunse. Kufunsa bulubuku n'kumuyesa wakuba mwana wa eni ake, pomwe wakupatsani moni ndi manja awiri. Akakuuzani kuti ili ndi amalume ake ku Joni, abwera nayo pa Khirisimasi, vomerani. Amalume a ku Joni sanama. Ikapezeka koma dzina lolembedwamo n'kukhala la munthu wina, kondwerani, chifukwa njingayo ili ndi abale ambiri okuthandizani kuikonda.

Pali anthu ovuta amene amagwada pansi, n'kupukuta girisi, n'kumayerekeza nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zili papepala. Inu thalauza lanu ndi latsopano. Mukaona kuti manambalawo anapalidwa mpaka chitsulo chikunyezimira, dziwani kuti mwini wake anali munthu waukhondo.

Tsopano nkhani ya nambala yakumbuyo. Njinga zambiri zochokera ku Mozambique zimalowa podzera m'minda, a MRA osaziona, msonkho osalipidwa. Popanda mapepala a msonkhowo, njinga yanu simungailembetse ku Road Traffic, ndipo yosalembetsa ilibe nambala. Zimenezi zisakusowetseni tulo. Malo opanda kanthuwo mulembepo ndi penti mawu oopseza adani anu. Ngati mtima ukufunabe chitsulo, pezani nambala ya MJ yochotsedwa panjinga ina imene inafera ku Mulanje, mumange ndi waya. Kompyuta ya MalTIS ya ku Road Traffic ikudziwa kuti nambalayo ndi ya Boxer yofiira pomwe yanu ndi Lifo yakuda, koma kompyuta siyenda pamsewu wa ku Tsangano. Mukayandikira rodibuloko, pakani matope. M'mwezi wa Okutobala matope amasowa, ndiye muziyenda ndi botolo la madzi.

Akadaulo amati njinga yolembetsedwa kale imasintha mwini pamene wogula ndi wogulitsa apita limodzi ku Road Traffic, aliyense ndi khadi lake, n'kukadinda chala kuti dzina lisinthidwe m'kaundula. Amatinso musamalize kulipira zimenezi zisanachitike. Uku n'kusakhulupirirana kumene kwaononga dziko. Perekani ndalama zonse pomwepo, pansi pa mtengo, ndipo wogulitsayo alonjeze kuti mukumana Lolemba. Lolembalo foni yake ikakhala yozima, mwina kwawo kwathima magetsi. Lolemba linalo mumuyesenso.

Umboni wanu ukhale pepala long'amba m'kope la mwana wa Sitandade 6, losainidwa ndi mboni ziwiri zimene mwazipeza zikusewera bawo pafupi. Mayina awo enieni simukuwadziwa, komatu onse akuoneka akuluakulu.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wosayamba. COF simuvutika nayo, pakuti njinga yosadziwika m'kaundula palibe angaiyese. Inshulansi nayonso chimodzimodzi, ndiye mukagunda mbuzi ya mfumu, kapena mwana wa mfumuyo, mudzalipira kuchokera m'nkhokwe mwanu ngati mwamuna weniweni. Mtima ukakutsutsani, pali madobadoba amene amalonjeza bulubuku yatsopano dzuwa lisanalowe. Apatseni theka la ndalama, nambala ya foni yawo muisunge pafupi ndi ya wogulitsa uja.

Tsiku lina apolisi adzaimitsa njingayo n'kupeza kuti inabedwa ku Mchinji chaka chatha. Mwini wake adzabwera ndi bulubuku m'manja, n'kuikwera inu mukuona, matayala atsopano amene munagula aja akuwala. Inuyo, apolisiwo adzakupatsani malo ogona aulere. Akakufunsani za mapepala, tulutsani la m'kope lija, muliwongole bwinobwino pabondo, ndipo muwaloze pamene anasaina a bawo.