Nkhokwe ya ku Cape Town ilibe chimanga

Alamu anga amene amaperekera zakudya mu lesitilanti ku Cape Town ali ndi matenda amodzi: akangomva kuti chinthu ndi chaulere, tulo timathawa. Atamva zoti Lachitatu m'mawa nzika za mayiko a mu Africa zimalowa osalipira ku Zeitz MOCAA, anandigwedeza kusanache.

"Alamu, tengani pasipoti. Lero mukaona nkhokwe yoti simunaionepo."

Nkhani ya nkhokwe ndiye yanga. Ndaluka nkhokwe, ndamata nkhokwe, ndalimbana ndi anankafumbwe mpaka kudziwana mayina. Ndinavala jekete ya ku tchalitchi n'kumadziuza kuti lero anthu a m'tauni amva kwa katswiri.

Nkhokweyo ndi nkhokwedi, alamu sananame. Ili padoko, pa V&A Waterfront, ndipo inamalizidwa kumangidwa mu 1924 kuti izisunga chimanga ndi tirigu zodikira sitima zapamadzi. Kutalika kwake mamita 57, migolo yake ya konkire 42. Inasiya ntchito mu 2001, kenaka mu 2017 anaitsegulanso ngati nyumba yoonetseramo luso lamakono la anthu a mu Africa. Dzinalo ndi la Jochen Zeitz, Mjeremani amene anali bwana wa Puma, kampani ya nsapato zija timagula pakaunjika.

Nditalowa ndinayang'ana kumwamba, khosi kuti gwa. Mmisiri wa ku London, Thomas Heatherwick, anatenga njere imodzi ya chimanga, anaikulitsa pa kompyuta, n'kuboola migolo ija m'kati motsatira maonekedwe a njereyo. Tamvani bwino. Anachotsa chimanga chenicheni n'kusiya dzenje lofanana ndi chimanga, anthu n'kumaomba m'manja. Kwathu amene amachita zimenezi timamuthira Actellic.

Kukongola ndiye kokongola, ndisaname. Zikepe zagalasi zimakwera ndi kutsika m'migolo yodulidwayo, ndipo ine ndinakwera n'kutsika mpaka alamu anandikumbutsa kuti sitinabwerere chikepe.

M'zipinda muja ndinazindikira msanga kuti kuonera luso kuli ndi mayendedwe ake. Manja kumbuyo. Mutu kupendeketsa pang'ono. Ubwerere m'mbuyo mapazi awiri, unene kuti "mmm", osaseka, osafunsa mtengo. Choletsedwa kwambiri n'kukhudza, ndipo pamenepa m'pamene ndinavutika, chifukwa ine nsalu sindiikhulupirira ndisanaitikite ndi zala. Manja anga ndinawatsekera m'matumba a jekete.

Pakati pa dzenje lija panalendewera chimbalame chachikulu, mapiko tambalala, mchira wautali, ntchito ya Nicholas Hlobo wa ku South Africa komweko. Nditayandikira ndinaona kuti achisoka ndi machubu a matayala ndi maliboni. Machubu, abale! Mtima unandiwawa. Ndinayamba kuwerengera chamumtima kuti ndi matumba angati a makala amene akanamangidwa panjinga ndi mphira umenewu, ndi malegeni angati akanatuluka m'phiko limodzi. Nkhope yanga iyenera kuti inkaoneka ya munthu wozama m'maganizo, chifukwa mayi wina wachizungu, kabuku ndi cholembera m'manja, anandiyandikira n'kufunsa m'Chingerezi kuti ine monga munthu wa mu Africa ndikuonapo chiyani.

Ndinacheukira alamu. Alamu anali atatembenuka, akuwerenga mwachidwi chikwangwani cholozera kuchimbudzi.

Mwamuna sanena kuti sindikudziwa pamaso pa mlendo. Ndinakonza kukhosi, ndinapendeketsa mutu monga mwa lamulo, n'kuwauza mayiwo m'Chingerezi changa cha Sitandade 8 kuti iyi ndi ndege ya afiti, imauluka usiku, mafuta ake sagula pa filing'i siteshoni, ndipo ikagwa pamudzi wokwerayo amapezeka alibe chovala. Mayi aja analemba zonse, ngakhale za chovalazo. Anandithokoza kawiri.

Atachoka, alamu anandikoka jekete. "Alamu, mwatichititsa manyazi dziko lonse la Malawi. Bwanji osayamba mwawerenga kachikwangwaniko?"

Tinafunsa mtsikana wina wolondolera alendo, wolankhula Chixhosa. Iye anati chimbalamecho ndi impundulu, mbalame ya mphenzi ya m'nthano za kwawo, imene amati imatumidwa ndi mfiti.

Alamu anangoti kakasi. Ine ndinatulutsa manja m'matumba, ndinawaika kumbuyo, n'kuyamba kuyenda patsogolo. Zipinda zotsalazo ndinawafotokozera ndekha, chimodzichimodzi, osayang'ananso chikwangwani. Chipinda china chinali chamdima, kanema akungoonetsa munthu ataima osachita kanthu, ndipo ndinawauza kuti ameneyo akudikira malipiro. Sanatsutse.

Pobwerera mu minibasi ndinawapempha kuti Lachitatu linalo andibwereke taye yawo yofiira, komanso andifunsire kuti olondolera alendo amalandira zingati pamwezi.