Nthungululu za Kathonje ka M'ndudu Yamagetsi

Mukamasula ndudu yamagetsi, imene ambiri amangoitchula kuti vape, n'kuika pambali batire ndi kathanki ka timadzi, m'manja mumatsala kachitsulo kakang'ono kokhala ndi timabowo m'mbali. M'kati mwake muli kawaya kopiringizika, ndipo kawayako kakutidwa ndi kathonje koyera, kochepa kosakwanira n'komwe kutsekera khutu limodzi. Kathonje kameneka ndiko ndikukaimbira nthungululu lero. Pa zida zonse zimene anthu asula polimbana ndi fodya, kuyambira malamulo a m'nyumba za malamulo mpaka zithunzi zoopsa za pa mapaketi, palibe chimene ndimachivulira chipewa kuposa iko.

Kuti mumvetse ukulu wake, muyambe mwadziwa mdani amene kanamugwetsa. Mdaniyo ndi moto. Mu 1976, dokotala wina wa ku London, Michael Russell, analemba mfundo imene inasintha kaganizidwe ka ambiri: chimene munthu amafuna posuta ndi nikotini, koma chimene chimamupha ndi phula la mu utsi. Wosuta akakoka ndudu, kunsonga kwake kumatentha mpaka madigiri pafupifupi 900, ndipo pamotopo pamabadwa makemikolo oposa 7,000. Pafupifupi 70 mwa amenewa amayambitsa khansa. Bungwe la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Funso linali lakuti, kodi nikotini angafike bwanji kwa womufunayo osadzera pamoto? Akatswiri anapanga chingamu, anapanga zigamba zomata pakhungu, ndipo zonsezi zathandiza anthu ambiri ndithu. Koma aliyense amene anakhalapo ndi wosuta m'nyumba amadziwa kuti chibaba sichikhala m'magazi mokha. Chimakhalanso m'zala zimene zinazolowera kupanira kanthu, m'milomo, ndi m'kukanda kwa pakhosi kumene munthu amakudikira akangotha kudya. Chigamba cha paphewa sichikanda pakhosi.

Herbert Gilbert wa ku America analembetsa luso la ndudu yopanda utsi mu 1963, koma palibe kampani imene inalitola kuti ilipange. Panadutsa zaka 40 kufikira pamene Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku Shenyang m'dziko la China, amene bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo, anapanga yake mu 2003. Dzina lake lili m'mabuku, ndipo n'zomuyenera. Koma chipangizo chikangodalira waya wotentha, pamabuka vuto limene batire silingathe: ndani azimwetsa wayayo? Waya wouma amafiira n'kupsereza chilichonse. Poyamba opanga ankaikamo tizingwe ta silica. Kenaka anthu wamba, osuta akale amene ankapota okha timawaya tawo patebulo la kunyumba, anayesa thonje. Anayesa la m'mafamase, ena ankayamba aliwiritsa, mpaka anatulukira kuti lokoma kuposa onse ndi thonje la ku Japan limene amayi amapukutira kumaso. Makampani anachita kutsatira pambuyo, ndipo lero zipangizo zambiri zili ndi thonje m'mimba mwake. Ine nkhani imeneyi imandikhudza mtima. Chinthu chimene chinakagwira ntchito yaikulu chonchi sanachipeze m'labotale ya mabiliyoni. Anachipeza anthu otopa ndi chifuwa, pa shelefu ya zodzola.

Amene anawerengerapo nyali ya koloboyi sangavutike kumvetsa ntchito yake. Chingwe cha koloboyi chimakweza palafini kuchokera pansi pa kachitini popanda pampu, popanda wochikankha, chifukwa timipata ta pakati pa ulusi timakoka tokha. Kathonje kamachita chimodzimodzi ndi timadzi ta m'thanki, timene ndi propylene glycol, glycerin, zokometsera ndi nikotini. Kusiyana kwake n'kwakuti pano palibe lawi. Munthu akakoka, kawaya kamatentha, timadzi ta m'thonje n'kusanduka nthunzi, ndipo nthunziyo pochoka imanyamula kutenthako. Propylene glycol amawira pa madigiri 188, glycerin pa 290, choncho kathonje kakakhala konyowa, kawaya sikapeza mpata wofika kumene ndudu imafika. Nthawi yomweyo ulusi wakoka kale timadzi tina kudzera m'timabowo tija, kukonzekera kukoka kotsatira. Kamachita zimenezi kambirimbiri pa tsiku, m'bandakucha pa siteji ya basi, usiku kuseri kwa nyumba yosamaliramo okalamba, osaphonya. Batire limatamandidwa chifukwa cha mphamvu zake, koma mphamvu yopanda woiletsa ndi imene inkatipha kale. Ulemu ndi wa kathonje kamene kamaima pakati pa chitsulo chotentha ndi mapapo a munthu, n'kunena kuti kutentha kulekezere apa.

Ndipo sikadziwa kunama. Thanki ikauma, kapena munthu akakweza mphamvu mopyola muyeso, kapena akakoka motsatizana osakapatsa mpata womwa, kathonje kamawauka. Kukoma kwake kumakhala kowawa, konunkha chiguduli chopserera, kokwapula pakhosi mpaka misozi, ndipo palibe amene amakokanso kachiwiri. Anthu amakwiya nako pa zimenezi, koma ine ndimati pamenepa ndi pamene pali ungwazi wake. Timadzi tikapsa mopitirira timatulutsa formaldehyde ndi acrolein, zinthu zoipa ndithu. Mu 2015 kunamveka lipoti lochokera ku Portland, ku America, lakuti vape ikhoza kutulutsa formaldehyde wambiri, ndipo nyuzi zinalifalitsa dziko lonse. Chaka chomwecho Konstantinos Farsalinos, dokotala wa mtima wa ku Greece, anaonetsa kuti milingo yokwera choncho imabwera pamene chipangizo chawauka, pamene munthu weniweni amakhala atasiya kale kukoka. Makina oyezera alibe lilime, amangokoka. Munthu ali nalo, ndipo kathonje kamalankhula nalo mosapsatira. Ndudu imakoma bwinobwino mpaka tsiku limene dokotala akuonetsani chithunzi cha m'chifuwa. Kathonje kakaona choipa kamakuwa pompo.

Ndili ndi mlamu wanga amene amayendetsa basi ku Leicester. Anayamba ndi chingambwe ali mnyamata kumudzi, n'kudzapitiriza ndi ndudu za m'paketi atafika ku Britain, mpaka masitepe a nyumba yawo anayamba kuwapatsa befu. Tsiku lina ndinawapeza pa tebulo akusintha kachitsulo kaja. Anatola katsopano, anadontheza timadzi pa bowo lililonse mpaka thonje loyera linasanduka lotuwira, anakamangirira, anadzaza thanki, kenaka anaimika chipangizocho pafupi ndi kapu ya tiyi n'kupinda manja.

"Bwanji alamu, simukoka?"

"Ayi, kayambe kamwa. Mukakafulumiza kamapsa, ndiye mwataya ndalama."

Anadikira mphindi zingapo, munthu yemwe kale ankayatsa ndudu asanatsuke n'kumaso komwe. Kenaka anandipatsa kakale kuti ndikaone. Thonje lake linali lofiirira, m'mbali mwa waya muli bii, zotsalira za zotsekemera zitaundana. "Taonani alamu," anatero, "aka ndikataya m'bini. Koma mapapo sataya." Ndinakatembenuza pachikhatho ndipo ndinamva ulemu umene munthu amamva akaona msilikali wobwera kunkhondo. Kanali katatha ntchito, katada, katatopa, ndipo sikanapemphe kanthu.

Wina anganene kuti umenewo ndi umboni wa munthu mmodzi. Chabwino, nawu wa ambiri. Mu 2019, Peter Hajek wa ku Queen Mary University of London ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa anthu 886 amene anapita kukafuna thandizo losiyira fodya ku England. Ena anapatsidwa vape, ena zigamba, chingamu ndi zina zotero, ndipo onse analandira uphungu. Patatha chaka, 18 pa 100 alionse a gulu la vape anali asanabwererenso ku ndudu, pamene gulu linalo anali pafupifupi 10 pa 100. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri n'kumusefa, linanena mu 2022 kuti umboni ndi wamphamvu wakuti vape ya nikotini imathandiza anthu kusiya kusuta kuposa zigamba ndi chingamu. Chiwerengero chotchuka cha bungwe la zaumoyo la Public Health England cha mu 2015, chakuti vape ndi yochepa kuipa ndi pafupifupi 95 peresenti, akatswiri amakanganirana mpaka lero, ndipo ine sindichigwiritsitsa. Chimene sakanganirana n'chakuti mu nthunzi mulibe phula ndi mpweya wa carbon monoxide zimene zili mu utsi. Mu 2023 boma la Britain linalengeza kuti ligawa zipangizozi kwa osuta 1 miliyoni ku England. Tangoganizani, tithonje 1 miliyoni tikutumidwa ndi boma kukagwira ntchito ya zaumoyo, popanda malipiro, popanda yunifolomu.

Ubwino wina wa kathonje ndi wakuti sikasankha katundu. Ku Britain lamulo salola timadzi topyola mamiligalamu 20 a nikotini pa mililita imodzi, ndipo wosuta kwambiri amayambira chakumtunda komweko kuti chibaba chisamubweze ku ndudu. Pakapita nthawi amatsikira pa 12, kenaka 6, kenaka 3, mpaka timadzi topanda nikotini n'komwe. Pa masitepe onsewa dzanja limagwira chomwe lija, milomo imakoka chimodzimodzi, ndipo kathonje kamanyamula chimene mwakapatsa mosanyinyirika, ngakhale kakudziwa kuti ulendowu ukathera poti iko komwe kadzasiyidwe. Ndi wantchito uti amene amathandiza bwana wake kuphunzira kukhala popanda iye? Koma pano ndinene motsindika kwa amene amagwira vape masana n'kumasungabe ndudu ziwiri za madzulo. Kafukufuku amene anatuluka mu British Medical Journal mu 2018 anapeza kuti ndudu imodzi yokha pa tsiku imabweretsa pafupifupi theka la chiopsezo cha nthenda ya mtima chimene ndudu 20 zimabweretsa. Kuchepetsa ndi njira chabe, kofikira ndi kuzimitsiratu moto. Amene amathira nthunzi pamwamba pa utsi akunyoza thukuta la kathonje.

Milandu ilipo imene anthu amakasenzetsa, ndipo ndaimva. Mu 2019 ku America anthu anayamba kudwala mapapo modzidzimutsa, ndipo pofika February 2020 oposa 2,800 anali atagonekedwa m'zipatala, 68 atamwalira. Ofufuza analoza chala vitamin E acetate, mafuta amene ogulitsa mozemba ankasakaniza m'timadzi ta chamba. Amenewo ndi manja a anthu adyera. Nawonso mavape otaya mukangogwiritsa ntchito, a mitundu yowala ndi fungo la maswiti, amene anadzaza m'zikwama za ana asukulu, ine ndimadana nawo kuchokera pansi pa mtima. Amatsekera kathonje m'pulasitiki momwe mwiniwake sangakaone, sangakamwetse, sangakasinthe, kenaka amakataya m'ngalande pamodzi ndi batire. Mu 2023 ku Britain ankataya pafupifupi 5 miliyoni pa sabata, ndipo dzikolo linachita bwino kuwaletsa kuyambira pa 1 June 2025. WHO imachenjeza kuti nikotini amakola ndipo kuti nthunzi si mpweya wabwino wa m'mawa, ndipo pamenepo ikunena zoona. Kathonje ndi sing'anga wa amene agwidwa kale ndi fodya. Mwana amene sanasutepo alibe nako chochita, ndipo wogulitsa amene amamupatsa ayenera kulandidwa chiphaso.

Ife a ku Malawi tikudziwa kutamanda mbewu. Fodya tinamupatsa dzina la golide wobiriwira, ndipo chaka chilichonse msika wake umatsegulidwa ndi mwambo, akuluakulu atavala masuti akuyendera mabelo ku Kanengo. Sindinyoza mlimi wa bale wa ku Kasungu, amene fodyayo amamulipirira ana sukulu. Koma thonje, limene alimi a ku Chikwawa, Balaka ndi Salima amalidziwa kuyabwa kwake ndi kutsika mtengo kwake, silinaimbidwepo nyimbo yotere. Timaliona ngati la nsalu ndi lopukutira bala basi. Pamene dziko lathu linalowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023, ndinalakalaka wina atanyamula kathonje m'mwamba n'kuuza anthu kuti mbewu inayi, yonyozekayi, ndi imene ikulanditsa anthu kwa inzake kutsidya kwa nyanja.

Ndikanakhala ndi mphamvu, wogulitsa vape aliyense akanayamba walemba mayeso a kamwetsedwe ka thonje asanatsegule shopu, chifukwa anthu ena amabwerera ku ndudu tsiku loyamba lomwe atakoka chowauka n'kuganiza kuti chipangizo chonse n'chachabe. Pa bokosi lililonse ndikanalembapo ndi zilembo zazikulu kuposa dzina la kampani: dontheza, dikira, usakoke thanki itauma. Ndipo pa khomo la chipatala chilichonse cha matenda a chifuwa ndikanamangapo chipilala chachitali, pamwamba pake n'kuikapo kathonje kamodzi kothimbirira m'galasi, kuti madokotala ndi anamwino azikagwadira polowa ntchito m'mawa.