Kodi nandolo wathu amakoma bwanji ku India?

Munthu wosadwala, wopanda maliro oti akapepese, wopandanso katundu woti akagulitse, amakwereranji ndege kupita ku India kapena ku Thailand? Kuno ku Chidzolomondo ulendo umakhala ndi mutu wake. Wopita ku Furancungo ali ndi nkhani ya ku boma kapena ya fodya, wopita ku Ulongwe wasenza nyemba kapena akukagula feteleza. Koma anyamata a mafoni amandionetsa anthu amene amawoloka nyanja kuti akangoona malo ndi kulawa zakudya za eni dziko, basi, n'kubwerera. Inu amene munayendako, ndithandizeni, chifukwa ndikufunadi kumvetsa.

Choyamba ndi chinyumba choyera chija cha mumzinda wa Agra ku India, chotchedwa Taj Mahal. Mfumu Shah Jahan inayamba kuchimanga mu 1632, mkazi wake Mumtaz Mahal atamwalira pobereka, ndipo onse awiri anagona momwemo. Ndiye kuti ndi manda. Anthu mamiliyoni amapitako chaka chilichonse, amalipira pakhomo, amajambulitsa akumwetulira. Kwathu kumanda sapitako munthu amfumu asakudziwa, ndipo adzukulu okha ndiwo amatsogola ndi makasu. Nanga kumeneko amapempha kwa yani? Ndamva kuti polowa mkati amavula nsapato kapena kuzikuta ndi kansalu, ndipo zimenezo zinandikhazika mtima pansi pang'ono. Komabe alipo amene amati akafika pa mitumbira iwiriyo amakumbukira kuti panali mwamuna amene analira mkazi wake? Kapena maso onse amathera pa miyala?

Za chakudya ndiye zandisowetsa tulo kwambiri. Ku Bangkok kuli mayi wina wachikulire, Jay Fai, amene amakazinga mazira ndi nkhanu pa mbaula ya makala m'mbali mwa msewu, atavala magalasi aakulu oteteza maso ku moto. Mu 2017 a buku la Michelin, amene amasankha malo odyera apamwamba, anamupatsa nyenyezi, ndipo alendo amadikira maola ambiri kuti alawe mbale imodzi. Ku Singapore nako, mu 2020 bungwe la UNESCO linalemba malo awo ophikira ndi kudyera pamodzi m'misika kuti ndi chuma cha anthu onse, monga linachitira ndi Gule Wamkulu wathu mu 2005. Ine ndikusangalala nawo anthu amenewo. Koma pa Tsangano Turn-off, pomwe mbatata ya kachewere ya m'mapiri athu imakumana ndi msewu waukulu wa ku Malawi, pali anthu amene akhala pa chiwaya kuyambira ali anyamata mpaka imvi. Amadziwa mbatata yomwa mafuta ndi yosamwa, amadziwa moto wopsereza ndi moto wofewetsa. Kodi kusiyana kuli m'manja mwa wophika, kapena kuli poti kwinako kunafika munthu wa cholembera?

Ndinaonanso mlendo ku Thailand atanyamula nkhululu yokazinga, akutseka maso asanaiike m'kamwa, anzake akumuombera m'manja. Ku Vietnam, m'minda ya mpunga ya kumathero a mtsinje wa Mekong, amagwira mbewa n'kuotcha, ndipo alendo amalipira kuti alaweko. Nanga ife bwanji timakankhira mbale ya ngumbi kuseri kwa chitseko tikamva galimoto yaima pabwalo? Mlendo wa ku tauni akafika timathamangitsa nkhuku, timatuma mwana kukagula mpunga ndi zakumwa za m'botolo, pomwe mumphika muli khwanya wotendera, bowa wa m'nkhalango za Macanga ndi thobwa logona. Nkhuku ndi ulemu, sindikukana. Koma ndani anatiuza kuti zinazo ndi zochititsa manyazi? Mlendoyo anakanapo, kapena sitinamufunse n'komwe?

Tsono pali nkhani ya nandolo. Mu Julayi 2016 nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, inabwera ku Maputo, ndipo maboma awiriwa anagwirizana kuti India azigula nandolo wa alimi a ku Mozambique. Matumba ochoka ku Zambézia, ku Nampula ndi kuno ku Tete amatsikira ku madoko a Nacala ndi Beira n'kukwera sitima. Nandoloyo akafika ku India amamusenda makoko ndi makina, amamugawa pakati, amamuphika mpaka asungunuke, n'kuthiramo mafuta otentha, adyo, tsabola ndi zonunkhiritsa zachikasu. Amati dal, ndipo amadyera mpunga kapena mikate yopyapyala, olemera ndi osauka omwe. Nditamva kaphikidwe kameneka ndinafunsa kuti, kodi si chipere chimenechi? Agogo athu ankaviika nyemba, n'kuzisenda ndi manja, n'kuzipakasa ndi mthiko, ndipo chinali ndiwo ya odwala ndi ya ana. Ndiye munthu wa ku Maputo kapena wa ku Lilongwe akakhala pansi ku Mumbai n'kuitanitsa dal kuti alawe chakudya cha eni dziko, n'kutheka kuti akudya za m'munda wa mlongo wake? Mbale imodziyo amalipira zingati, ndipo mlimi uja analandira zingati pa sikelo ya ogula a m'mbali mwa msewu?

Ndikamafufuza ndimapeza kuti njira ya pakati pa ife ndi India si ya lero. Apwitikizi analamulira Goa kuyambira 1510 mpaka 1961, ndipo mpaka 1752 nkhani za Mozambique zinkagamulidwa kuchokera ku Goa komweko. Ngakhale Macanga yathu ino inalamulidwa ndi banja la Gonçalo Caetano Pereira, wotchedwa Dombo Dombo, amene anachokera ku Goa m'zaka za m'ma 1700 kudzafuna golide kumpoto kwa Zambezi. Zidzukulu zake zinagwira dera lino mpaka 1902. Anthu amenewo ankadya chiyani kuno? Anaphunzira nsima, kapena akazi a kuno ndiwo anaphunzira kuphika zawo? Samusa amene ana amagulitsa pa siteji ya chapa ku Tete, ndi achali wa mango wa m'mabotolo, zinafika ndi yani?

Mango amene timati ndi athu, amene amamera okha m'mabwinja, kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Nthochi ndi nzimbe nazo zinachokera kum'mawa komweko. Tsabola amene amaliza naye alendo ku India si wa ku India, anachokera ku America pa sitima za Apwitikizi. Mbatata ya kachewere kwawo ndi kumapiri a Andes, koma lero ndiyo ikudyetsa mabanja a ku Tsangano, ndipo ku Mumbai amaipota, kuikazinga n'kuiika pakati pa kabanzi, anthu n'kumadya ali chiimire popita ku ntchito. Chimanga chenichenicho, chimene timati tikapanda kudya tagona ndi njala, ndi mlendo wa ku America. Ndiye chakudya cha eni dziko chimayamba liti kukhala cha eni? Pakapita mibadwo ingati?

Ndipo anthu a ku India ali pafupi nafe kuposa momwe timaganizira. Migodi ya malasha ya ku Moatize ndi Benga ili m'manja mwa makampani awo, Vulcan ndi ICVL. Kodi iwo akapuma pa Sabata amalakalaka kukwera kuno kumapiri kudzaona minda ya tirigu ya ku Tsangano ndi kulawa mapichesi athu, monga ena amalakalakira kwawoko? Akadabwera, msewu wa nthawi ya dzinja ukanawalola? Akanagona kuti, ndipo tikanawaikira chiyani pa mphasa?

Amene mudzapite ku India chaka chino, mukakadya dal mukandifunsireko kwa mayi wophikayo. Kodi amadziwa kuti kuli dziko lotchedwa Mozambique? Nandolo wathu amapsa msanga kapena amatha nkhuni? Amakonda woyera kapena wofiirira, kuti pofesa tizidziwa mbewu yosunga?