Ulemerero wa Nitinol, Chitsulo cha Liuma

Nitinol ndi chitsulo chosakaniza nickel ndi titanium chimene chinasandutsa liuma kukhala luso. Anachitulukira William Buehler mu 1959 ku Naval Ordnance Laboratory, ku Maryland m'dziko la America. Chikaumbidwa pa moto wa madigiri pafupifupi 500, chimasunga maonekedwewo ngati mangawa. Wochipinda chitazizira chimamumvera mwaulemu, koma chikangofunda chimabwerera momwe chinalili, ngati palibe anachiuzapo kanthu. Mwana wotere pamudzi amatchedwa nkhutukumve. Akatswiri amati chitsulochi chimakumbukira.

Gwero la khalidweli ndi kayalidwe ka maatomu ake. Pozizira amakhala mwa mtundu wofewa wotchedwa martensite, pofunda amabwerera ku austenite. Chitsulochi chimatha kutamuka ndi magawo 8 pa 100 n'kubwerera, pomwe chitsulo wamba chimapindikiratu chisanafike gawo limodzi.

Poti chimabunthitsa zida zochidulira, amisiri ena anagonja n'kuyamba kuchiumba ndi makina osindikiza zinthu. Kuwala kwa laser kumasungunula ufa wachitsulo, mzere pamwamba pa mzere, uliwonse wopyapyala kuposa tsitsi. Apa m'pamene ulemu wake umaonekera. Nickel amauluka msanga kuposa titanium, ndipo akachepa ndi gawo limodzi lokha pa 1,000, kutentha kofunika kuti chibwerere kumakwera ndi madigiri pafupifupi 10. Choncho chimakumbukirabe, koma panthawi yake yomwe chasankha. Mpweya wa okosijeni ukalowerera, umalanda titanium, ndipo kutenthako kumatsika.

Chomwe amaumba nthawi zambiri ndi chimango cha timizati tolukanalukana ngati zisa za njuchi, mwakuti wogula amalipira ndalama zambiri kugula mabowo. Mabowowo si achabe, makamaka pa zitsulo zoikidwa m'thupi pothandiza mafupa. Chitsulo cholimba kwambiri chikaikidwa m'thupi chimasenza katundu yense, fupa n'kuchita ulesi mpaka kufooka. Chamabowo chimafewa kufanana ndi fupa, chimapepuka, ndiponso chimasiya malo oti fupa limeremo. Chikaphwanyidwa pang'ono chimameza mphamvu ya kugundako, kenako chimadzukanso.

Ulemu womaliza ukupita kwa timibulu ta ufa tosasungunuka timene timakanirira pa timizatiti. Ming'alu imayambira pamenepo chimangocho chikapindidwa kambirimbiri, motero amisiri amachitsuka ndi asidi ndi kuchiwotchanso chisanaloledwe kugwira ntchito.