Kalumo ka mlendo kameta yani?

Pa 14 Okutobala 2025 a Microsoft adaleka kusamalira Windows 10, ndipo chiyambire tsiku limenelo mwambi uja woti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa wandikhala pakhosi. Akuluakulu sadaname, kalumoko nkakuthwadi. Adangoiwala kutiuza kuti kameta mutu wa yani.

Malaputopu ambiri kuno ku Karonga ndi akaunjika. Adalowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam atatumikira kale mabwana angapo kunja, ndipo ena mwa iwo akadayenera kuimikidwa pambali pa chilombo chamakedzana chija, Malawisaurus, ku myuziyamu kuja. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, choncho nkhalambazi imazikana. Apa mpamene mlendo amatulukira: mwana wa mlongo wanu, wochokera ku koleji, fulashi ili m'thumba.

Aphunzitsi ena a ku Chilumba zidawagwera chonchi. Mnyamata adati, "Amalume, musadandaule, tiikemo Ubuntu pambali pa Windows. Njaulere." Mawu oti njaulere, ndani angawakane? Adalowetsa fulashi, pulogalamu yoikira nkutseguka bwinobwino, koma itafika posankha poti ikhale, idati disiki siikuoneka. Disiki yomweyo imene m'mawa mwake idali ndi malikisi a Folomu 3 yonse.

Disikiyo sidafe ayi. Mu BIOS muli posankha mmene makina azilankhulirana ndi disiki, ndipo malaputopu ambiri amabwera atatcheredwa pa RST ya Intel, imene ena amailemba kuti RAID. Ubuntu ikapeza disiki ili pa RST imangoidutsa ngati palibe. Mnyamata uja ankazidziwa, ndiye adadina F2 (pa Dell ndi F2, pa HP F10, pa ThinkPad F1, ngati kuti akadagwirizana batani limodzi dziko likadatha), nkusintha kuika AHCI. Disiki idaonekera, Ubuntu idalowa, amalume nkuomba m'manja.

Madzulo akufuna malikisi aja, adatsegula Windows. Sikirini yonse buluu. Mwini nyumba, Windows, tsopano ndiye sakuiona disiki, poti iye adazolowera RST. Mankhwala ake alipo: umayamba wauza Windows kuti idzuke mu Safe Mode, kenaka nkusintha BIOS, kuti ikadzuka itole yokha dalaivala wa AHCI. Koma mlendo sachedwa. Pamene izi zimachitika nkuti ali m'minibasi, akukwera Chiweta, foni ili kunja kwa netiweki.

Kudabwera mlendo wachiwiri, naye ndi kalumo kake. Uyu adati Ubuntu njachibwana, tibwezeretse Windows. Fulashi yake adaikonza ndi pulogalamu ya Rufus atasankha MBR, pomwe makinawo akudzuka mwa UEFI, imene imafunafuna kagawo kakang'ono ka EFI pa disiki ya GPT. Zotsatira zake ndi mawu oyera pa sikirini yakuda: No bootable device. Anthu akaona mawu amenewa amayamba kukhuzana maliro, chonsecho makinawo akungonena kuti sakudziwa khomo lolowera. Mwayi wake, aphunzitsi adamugwira dzanja asadafike pofufuta magawo.

Wokonza wina pa boma ndiye adapeza chinanso. Kabatire kozungulira ka CR2032, kamene kamasunga zotcheredwa mu BIOS, kadatha kalekale, ndipo batire lalikulu nalo silisunga moto. Magetsi akangothima, BIOS imaiwala zonse nkubwerera pa RST, tsiku nalo nkubwerera zaka zambuyo. Mutha kukonza Lolemba, Lachiwiri nkupeza nthenda yabwerera, inu nkumaganizira aneba.

Pamenepa ine kuseka kumandithera. Wokonza ameneyu adali wachilungamo: adachotsa disiki, nkuilumikiza ku kompyuta ina, nkukopera mafailo onse asadakhudze china chilichonse. Si onse amatero. Alipo amene akaona sikirini yakuda amangoti, "Bwana, hadi disiki yapsa," nkukugulitsani ina, yanu ija nkudzaigulitsa kwa wina mawa. Enanso amafomata mosafunsa nkomwe. Pa disikipo pamakhala zithunzi za malemu amayi, mabuku a banki m'khonde, kafukufuku wa digiri amene munthu adamulemba usiku udzudzu ukumudya. Windows kapena Ubuntu mudzaipeza paliponse. Zithunzi zija kulibe kwina.

Sindikuti tizithamangitsa alendo. Ubuntu ndi Linux Mint zikhoza kuwonjezera moyo wa makina amene Windows 11 yawakana, ndipo pa mitengo ya masiku ano palibe mphunzitsi angataye laputopu chifukwa choti a Microsoft atopa nayo. Ndikungoti mnyamata akatulutsa fulashi yake, inu tulutsani yanu poyamba, mukopere zanu zonse, mujambulenso BIOS ndi foni asadasinthe kanthu.

Aphunzitsi aja malikisi adawapeza. Mphwawo akuti abweranso pa holide, ndipo walonjeza kubweretsa mnzake wa Ubuntu, Fedora.