Kaundula wa Zowonongedwa pa Chiwindi, Mbumba ya ku Namitambo

Bukuli ndimasunga ndine, monga malume. Likukhudza mwana wa achemwali anga, amene tinamutumiza kusukulu kuti akhale dokotala, ndipo lero ndi dokotaladi, kungoti sanabayepo munthu jakisoni. Mitengo ndalemba mu mbuzi, nkhuku ndi matumba. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mbuzi inakhalabe mbuzi.

ZOTULUKA

Pulayimale: ulere, kuchokera 1994. Yunifolomu, makope, ya chitukuko ndi ya mlonda: nkhuku 9.

Sekondale yogonera komweko: mbuzi 6, nandolo matumba 11, ndowa, matiresi, sutikesi. Ndowa yokha ndi imene inabwerako.

College of Medicine ku Blantyre, imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences: fizi inalowa pa ngongole ya boma, m'dzina lake. Kwa ife kunachoka njinga yanga, ndi ufa mwezi uliwonse pa minibasi ya ku Limbe. Ufawo unkalipira mpando wakewake.

Pasipoti, jekete, ndi basi yodzera Mwanza, Tete ndi Beitbridge mpaka Johannesburg: ng'ombe ya mkaka 1. Inali ndi bere, choncho ena m'banjamu amawerenga 2.

Mayunitsi ofunsira chimene amagwira kumeneko: nkhuku 4, pa zaka zingapo. Yankho ndalilemba pano kuti tisalilipirenso. Akuti amaweta maselo otchedwa ma stem cell, amene sanasankhe ntchito, moti atha kusanduka a mtima, a ubongo kapena a chiwindi. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa kuti selo lokhwima la mbewa lingabwezedwe ku ubwana umenewu polipatsa ma gene 4 okha, chaka chotsatira anachita zomwezo ndi maselo a munthu, ndipo mu 2012 analandira mphotho ya Nobel. Wathuyu amatenga maselo oterowo n'kuwakakamiza, pafupifupi milungu itatu, kuti asanduke a chiwindi. Amakhala m'kabati yotentha madigiri 37, amadya tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe, ndipo magetsi sawazimira. N'chifukwa chake sanabwere ku chinkhoswe cha mng'ono wake. Ndinafunsa ngati maselowo amagulitsidwa akakula. Sagulitsidwa. Amawapatsira matenda dala, kenako n'kuyesa kuwachiza.

Chiwindi cha alamu, bambo ake omubereka: maso achikasu, mimba yotupa. Kwa asing'anga: nkhuku 2, mbuzi 1, mimba chimodzimodzi. Kabaza ndi minibasi mpaka ku chipatala cha boma ku Chiradzulu, kenako ku Queen Elizabeth: chimanga matumba 3. Anapeza hepatitis B. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002, alamu ali kale ndi imvi. Mankhwala ndi tenofovir, yemweyo amene ali m'ma ARV, amene kuno kwathu a Médecins Sans Frontières anayamba kugawa mwaulere mu 2001. Mtengo wa mankhwala: palibe. Mtengo wokawatenga: onani kabaza. Mtengo wofotokozera mudzi kuti botolo lofanana si matenda ofanana: sitinathe kulipira, tinangowasiya alankhule.

Ndinafunsa mwana kuti bambo ake adzasiya liti kumwa mapiritsi. Akuti mwina sadzasiya, chifukwa kachilomboka kamabisa DNA yake mkati mwenimweni mwa selo la chiwindi, kumene piritsi limangokagoneka koma silikachotsa. Ntchito yake yonse ndi kufuna njira yolowetsa timalumo tating'ono m'selomo kuti tikadule chobisikacho. Mayunitsi a yankho limeneli: nkhuku 1.

Mtedza wachuku wotayidwa mwa lamulo lake: theka la thumba chaka chilichonse. Akuti chuku chili ndi poizoni woyambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi hepatitis B. Kale umenewo ndi umene unkapita ku nsinjiro.

Tiyi wa alendo obwera ndi mabuku a kuchipatala atamva kuti dokotala wafika pa Khirisimasi: shuga mapaketi 3. Onse anauzidwa kuti apite kuchipatala.

ZOLOWA

Foni 1, sola 1, malata 18 atasasuka denga ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023.

Kachasu amene alamu anasiya: mbuzi 1 pa chaka, mwina kuposa. Ndi phindu lalikulu kwambiri limene sayansi yabweretsa pakhomo pano.

Pepala la kafukufuku lokhala ndi dzina lake pa nambala 3: malipiro palibe. Lili mu fulemu. Mtengo wa fulemu ndi wa ku zotuluka.

Mpando wa achemwali pa maliro, wokhala ndi chotsamira: sungawerengeke mu mbuzi.

Akuti chiwindi ukachidula mbali yaikulu chimaphukanso chokha. Khola lathu linadulidwa mofanana ndipo tikudikira.

ZIMENE SITINAGULE

Hemgenix, mankhwala amene analoledwa ku America mu Novembala 2022. Amathiridwa m'mtsempha kamodzi kokha, kachilombo kofooketsedwa n'kunyamula gene kukaisiya m'chiwindi, kuti chiwindi chizipanga chimene chimaundanitsa magazi mwa odwala haemophilia B. Mtengo: madola 3.5 miliyoni. Si matenda a alamu, choncho ndalama imeneyi tinapulumutsa yonse. Ndinayamba kuiwerenga mu mbuzi koma tsamba linatha.

ZA KUBWERERA KWAKE

Daniel Malekebu, mwana wa boma lomwe lino, anamaliza za udokotala ku Meharry ku America mu 1917, ndipo anadzatsegulanso Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1926. Ndi zaka 9. Ndasiya masamba okwanira zaka zomwezo, achemwali akuti ndiwonjezere kope lina.

NGONGOLE YOTSALA

Banki m'khonde, ya ulendo wa alamu wa mwezi watha: mbuzi 1, yofunika Lachisanu. Yapakhomo yatsala yaikazi yokha, ndipo achemwali akana.