Ulemu kwa Kamba wa Zeno

Ngati pali nyama yoyenera mendulo ya golide pa mpikisano wothamanga, ndi kamba wa Zeno, wafilosofi wa ku Elea. Kwa zaka zoposa 2,400 wakhala ali patsogolo pa Achilles, chiphona cha Agiriki pa liwiro, koma thukuta sanatulukepo.

Amayamba ndi ulemu. Amapempha kuti atsogoleko mamita 100, poti mnzakeyo amathamanga kuwirikiza kakhumi. Achilles akafika pomwe kamba anayambira, mkuluyu wasendera mamita 10. Akamaliza amenewo, wasenderanso mita imodzi, kenako kachidutswa ka mita, kenako kachidutswa ka kachidutswako, mpaka kalekale. Ndiye amupeza liti? Amene anatuluka thukuta ndi Aristotle, yemwe anatisungira nkhaniyi m'buku lake la Physics.

Akuti wafilosofi Diogenes atamva mfundo ya Zeno yoti kuyenda kulibe, anangodzuka n'kuyamba kuyenda. Kamba sanatekeseke. Kuti Achilles adutsa, ngakhale mwana akudziwa. Chovuta ndi kuloza pomwe bodza lalowera, popeza mfundo iliyonse ikutsatira inzake bwinobwino.

Apa ndiye tiwombe m'manja. Mfundo zikhoza kulukana mosaphonya, yomaliza n'kutuluka mwa zoyambazo, chikhalirecho imodzi mwa zoyambazo ndi yowola. Kamba amakubera koyambirira, ukadali kugwedeza mutu kuvomera. Amakumwetsa ganizo lakuti zidutswa zosatha zikaphatikizidwa zimabala mtunda wosatha. Si zoona. Phatikizani 100, 10, 1 ndi tonse totsatirato: simudzapitirira mamita 111 ndi gawo limodzi mwa magawo 9 a mita. Pamenepo ndi pomwe Achilles amamupeza. Koma kuti akatswiri a masamu anene zimenezi ndi mtima wokhazikika, panafunika anthu ngati Cauchy, amene mu 1821 anayala maziko a kaphatikizidwe kotere. Ndi nyama iti ina inasunga ophunzira pa ntchito zaka 2,000 osawalipira?

Ndipotu sanatope. Mu 1895 Lewis Carroll anamudzutsanso m'magazini ya Mind. Ulendo uno kamba akuvomera mfundo zonse zoyambira, koma akukana yomaliza kufikira lamulo lomukakamiza kuivomera litalembedwa ngati mfundo yoonjezera. Likalembedwa, akufunanso lina lomukakamiza kumvera limenelo. Achilles, munthu amene anagwetsa Hector ku Troy, akusanduka mlembi wa kamba, kope m'manja, ndipo masamba akumuchepera.